Kukasiya Esinati ku Mzuzu

Tinanyamuka ku Mponela m'mawa wa Lachiwiri, ine ndi mwana wanga wachitatu, Esinati, wa zaka khumi. Ndinamuuza kuti tikukaona atsibweni ake ku Mzuzu, koma ulendowo unali wokamusiya. Kunyumba ana anali asanu ndi awiri, wina ali m'mimba. Munda umene amayi ankalima okha tinagawana akazi anayi a bere limodzi, ndipo gawo langa ukaima pakati n'kuponya khasu linkakagwera kwa mng'ono wanga. Chimanga chinkatha mvula isanagwe n'komwe.

Kwathu mwana ndi wa atsibweni ake, mlongo wa mayi. Achimwene anga, a Lufeyo, ankapala matabwa ku Mzuzu, ndiye sindinaone chifukwa chowauziratu. Mwini mbumba n'kuchita kumupempha kuti asunge mbumba yake? Ndinkaona kale Esinati atavala yunifolomu, akudya kawiri pa tsiku. Bambo a anawo sanatsutse. Anangoti, "Pita naye, mbale ipepukeko."

Pa siteji panali anyamata a malaya ofiira, oona makhadi a chipani. Ndinaonetsa langa ndi la Esinati. Mmodzi analoza mimba yanga ndi chibwano.

"Nanga la uyu, mayi?"

"Munthu wosabadwa? Ngakhale dzina alibe!"

"Ndi munthu wa boma ameneyo. Dziko likufuna anthu ambiri."

Ndinagula, mtima ukuwira, ndipo kandalama ka chakudya cha panjira kanathera pomwepo. Chamumtima ndinati, mudzabwere kudzamufuna chomwechi akadzayamba kulira njala. Pakamwa ndinatseka, masiku amenewo pakamwa pankamangitsa.

Basi inali makwacha atatu, mwana theka. Inadzaza mpaka pakhomo, kondakitala n'kumakuwabe kuti, "Sunthani, malo alipo!" Esinati anakhala pa thumba la mtedza la eni ake, tambala wa munthu wina akumujompha zala. Iye ankangoseka, poti kanali koyamba kukwera basi. Titadutsa Kasungu tinayenda nthawi yaitali m'mphepete mwa maesiteti a fodya, minda yosaoneka pothera, ndipo ine malovu anadzaza m'kamwa ngati ndaona nyama.

Pa Jenda dzuwa linali pamutu. Anthu anagula mbatata yootcha ndi tiyi, ife tinangoyang'ana kumbali ngati takhuta. Bambo wina wa jekete lakuda amene anakhala pafupi nane, mphunzitsi wopita kwawo ku Rumphi, ananyema mbatata yake n'kupatsa Esinati.

"Uziti yewo," anatero. "Kumene ukupitako zikomo ndi yewo."

Mwanayo anayenda nalo liwulo mtunda wonse, kumathokoza mpando, tambala, ngakhale kondakitala.

Masana tinalowa ku Chikangawa. Abale, mitengo! Mapiri ndi mapiri a paini, nkhungu ikuyenda pansi, popanda nyumba ngakhale imodzi. Ndinalephera kupirira.

"Bambo, malo onsewa opanda munthu? Kwathu tikukanganirana mzere umodzi wa chimanga."

"Ndi a mitengo, mama. Munthu salimamo." Anayang'ana mimba yanga. "Wachingati ameneyu?"

Nditamuuza anapukusa mutu. Ndinamufunsa motsitsa mawu ngati n'zoona kuti m'matauni akazi ali ndi njira yopumulira kubereka. Anacheukira uku ndi uku, n'kuti, "Zimenezo sitikamba m'basi." Kenaka anayamba kundifotokozera za kuzizira kwa Mzuzu.

Sananame. Tinatsika dzuwa litapendeka, kamvula kakuwaza, mphepo ikulowa mpaka m'mafupa. Tinafunsira njira ya ku Ching'ambo, kumene ankakhala achimwene, n'kutsetsereka wapansi. Ine ndinkaganiza kuti kumpoto anthu ndi ochepa. Kalanga ine! Nyumba zinali zothinana m'dambo, denga kugunda denga, chimbudzi cha uyu kuyang'anizana ndi chitsime cha uyo. Tinkawoloka matope pa matabwa. Ndipo ana, ana, ana, paliponse, ena obereka anzawo kumsana, chimodzimodzi kwathu.

Anatilandira ndi alamu anga, NyaChirwa, a ku Nkhata Bay. "Monire, mulamu! Mwafika? Yewo chomene." Anaseka bwino, koma maso awo anathamangira pa kamtolo ka zovala kamene Esinati anasenza, ndipo kusekako kunazima. Posakhalitsa achimwene anafika, utuchi uli m'tsitsi. Titapatsana moni ndinanena chimene ndinadzera.

"Naphiri, bwanji osandiuza?"

Pamenepo ndinapsa mtima. "Ndikuuzeni chiyani? Si inu mwini mbumba? Kapena poti munalowola kuno mwaiwala kuti ana a mlongo wanu ndi anu?"

Sanakweze mawu. Anati, "Sindikukana. Lowa, undisonyeze pamene agone, ndimutenga lero lomwe."

Ndinalowa ndi ukali wanga. Zipinda zinali ziwiri. Ana awo asanu, alongo awiri a mulamu amene anabwerera sukulu, amayi awo a mulamu odwala chifuwa amene anabwerera chipatala, ndi mtsikana wina wamasiye wa kwawo kwa mulamu ali ndi khanda. Mphasa zinali zopindapinda m'makoma, ina pansi pa tebulo. Ana awiri ankagona kwa anansi. Kudya kunali kosinthana, ena akamadya kondowole ena ali panja kudikira mbale. Ndinayang'ana pakona iyi, pakona iyo. Ndinatuluka ndi manyazi.

Mulamu sanali woipa mtima, ndisamunamizire. Anakhala nane pakhonde n'kuti, "Mulamu, aliyense wakumudzi amaganiza kuti tauni ndi nkhokwe. Kwathu kunyanja nako minda yatha, akungotumiza. Tikane ndani?" Tsiku limenelo ine ndi Esinati tinagona chokhala, titatsamira chitseko.

Kutacha mulamu anabwera ndi nkhani. Ku tchalitchi kwawo kunali mayi wina wogwira ntchito mu ofesi, wokhala ku Katawa, amene ankafuna mtsikana womulerera khanda. Kudya ndi pogona zinalipo.

"Nanga sukulu?"

"Mwina khandalo likakula," anatero, osandiyang'ana.

Ndinalingalira zobwerera naye. Ndinaona mbale ija ya kwathu, manja asanu ndi awiri akulimbirana, ndi mwezi wa Febuluwale pamene timadya gaga ndi masamba a maungu. Ndinauza mulamu kuti tiyeni.

Ku Katawa tinayenda wapansi. Nyumba inali ya simenti, ya mawindo agalasi. Mayiyo, NyaMhango, anali waulemu, anatipatsa tiyi wamkaka ndi buledi. Anamuyang'ana Esinati kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ngwamuchoko chomene. Wamng'ono kwambiri. Amadziwa kubereka mwana?"

"Wabereka ang'ono ake atatu," ndinatero. "Amasinja, amatunga madzi, sadwaladwala, sayankha akulu."

Ndinadzimva ndekha ndikuyankhula ngati munthu wogulitsa mbuzi pamsika, ndipo tiyi uja anandiwawa. NyaMhango anabweretsa khanda ndi chitenje. Esinati anawerama, analiponya kumsana, anamanga mfundo pachifuwa bwinobwino. Mayiyo anaomba m'manja kuti wapeza munthu.

Mwana wanga sanali wopusa. Anaona kamtolo kake kakulowetsedwa kukhitchini, ananditsata mpaka pa mpanda, khanda la eni lili kumsana.

"Amayi, tipita liti kwathu?"

"Tsala uthandize amayiwa. Kuno uzikhuta."

Iye anati, "Mukanditenga ndizidya pang'ono."

Mayo ine! Ndinafuna kumulanda khandalo, kuliika pansi, n'kuthawa naye. Koma kuthawira kuti? Ndinamukonza mfundo ya chitenje imene inali yokonzeka kale, ndinamuuza kuti azimvera, ndipo ndinatembenuka. Sanalire mokweza. Mulamu ndi amene ankalira njira yonse.

Achimwene anandilipirira basi yobwerera. Pa depoti anati azikamuona Lamulungu lililonse, koma anazinena akuyang'ana pansi. Nthawi ino ndinapeza mpando wa pawindo, ndipo ndinaonanso mitengo ya ku Chikangawa itaima m'mizere yake, uliwonse ndi malo ake okwanira. Ulendowu unandiphunzitsa kuti kulibe kumene kuli malo otidikira ife. Wakumudzi akuthawira m'tauni, wam'tauni akugona pansi pa tebulo, ndipo tonse tikuberekabe, osadziwa woti n'kumufunsa.

Tikuyandikira Jenda wam'mimba uja anayamba kugunda, mwamphamvu, ngati munthu wofulumira. Khadi lake linali kale m'mfundo ya chitenje changa. Ndinagwira pamimba n'kumuuza kuti, "Usathamange, mwanawe. Malo ako pamphasa alipo, ndakuchotsera Esinati."