Bafa la Nyongolotsi ku Kanyama

Amuna ena ku Kanyama ankaweta abakha ndi nkhunda. Amuna anga ankaweta nyongolotsi. Anazitenga kumene ankagwira ntchito, kumunda wa maluwa ogulitsa kumayadi, n'kubwera nazo m'chitini cha mkaka. Loweruka lotsatira anakankha pawilibala bafa lachitsulo lakale, limene mzungu wina anasiya pobwerera kwawo titalandira ufulu. Analikhazika panjerwa kuseri kwa nyumba, pamthunzi wa mpapaya, nathiramo ndowe zouma ndi masamba, n'kuvundikira ndi saka lonyowa.

Ine ndinapsa mtima. Ndinali mtsikana wa ku Katete wonyada ndi bwalo losesa bwino, ndipo sindinabwere ku Lusaka kudzaphikira tizilombo.

"Imwe batate bake bana, bantu bazakamba chani?" ndinawafunsa.

"Bazakamba, bazalema," anatero, uku akudula makoko a nthochi tizidutswa ngati akukonzera mwana wodwala.

Ziwetozo zinali ndi mwambo kuposa apongozi. Makoko a mbatata, mapesi a repu, masamba a tiyi ndi zikamba za mazira zosinja zinkadya. Mchere ayi, phulusa lotentha ayi, madzi a sopo ayi. Mafuta ophikira nawonso ankati ndi oletsedwa, ngati kuti zaka zimenezo za kuima pamzere tsiku lonse panali munthu wotaya mafuta. Chachikulu chinali chinyezi. Saka likangouma, ankati, basi zatha.

Kanyama ndi mwala wokhawokha. Ukakumba pang'ono khasu limalira, mvula ikagwa madzi amakhazikika pakhomo. Koma dothi lakuda lochokera m'bafamo tinkalithira m'masaka ndi m'madilamu odula, ndipo repu, tomato ndi chibwabwa, ndiwo ya masamba a maungu, zinkabiriwira pamene feteleza ankasowa ngati shuga. Ana anga sanagonepo ndi njala ya ndiwo. Ndinasiya kulalata, ndinayamba kusunga makoko m'kambale kakekake, ngakhale pamaso pa anzanga apampopi ndinkachitabe ngati sizikundikhudza.

Chifuwa chitawagwira amuna anga, ntchitoyo inakhala yanga. Tsiku lina ndikuwamwetsa phala kuchipatala, anandigwira dzanja. Ndinkayesa anena za ana kapena za nyumba.

"Saka isaume," anatero.

Ndinaseka, iwonso anaseka mpaka kutsokomola. Anamwalira mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo.

Amene sanakhalepo namfedwa sadziwa kuti pamaliro a mwamuna wako nyumba si yako. Mipando anaitulutsa, ine anandikhazika pamphasa m'chipinda, mutu pansi, chitenje chakale m'chiuno. Namfedwa sagwira ntchito, satuluka yekha, salankhula zapakhomo. Pambali panga panakhala alamu anga, mlongo wamkulu wa amuna anga, amene anabwera kuchokera kumudzi. Anali mayi wolimba, wachifundo chaukali, ndipo ndi iwo ankandigwira mkono popita kuchimbudzi.

Chipinda chimenecho chinali khoma limodzi ndi bafa. Ndinkalira amuna anga, zoona, koma malata akamathetheka ndi dzuwa masana mtima unkathamangira kuseri. Tsiku lachiwiri ndinalephera kupirira. Ndinanong'oneza alamu.

"Bamulamu, kumbuyo kuli bafa. Muuzeko muntu atileko manzi pa saka."

Anaweramira kukhutu kwanga.

"Mlamu, khalani chete. Abale ali panjapa akusuzumira nkhope yanu. Akamva kuti mtembo usanaikidwe mukuganiza za dimba, adzati misoziyi ndi yabodza. Nyumba ino mukuifunabe?"

Sankandiopseza. Ankanditeteza, ndipo ankanena zoona. Amalume a amuna anga anali atayamba kale kufunsa za njinga ndi wailesi, ndipo ndinali nditaonapo akazi amasiye akutsala ndi mphasa yokha. Ndinadzitonthoza kuti mpapaya uli ndi mthunzi, dothi la m'bafamo ndi lakuya, ziwetozo zidzatsikira pansi n'kundidikira.

Chimene sindinaganize ndi madzi. Mpopi wa chigawo chathu unkatuluka m'mawa mokha, ndipo pamaliro panali khamu: a ku tchalitchi, a chipani, anzawo a kuntchito, abale a ku Matero ndi ku Chawama. Amayi ophika anasonkhanitsa ndowa za m'nyumba zonse, koma sizinakwane.

M'mawa wa tsiku loika maliro ndinamva mawu kuseri kwa khoma. Anali amayi a ku tchalitchi kwathu, anzanga enieni.

"Iyi bafa ni ikulu, ingatitandize kusungilamo manzi."

"Vula saka tione. Mayo, ni vinyongolosi vekaveka."

"Osapunda, kamba pansipansi, balendo bangamvele. Muntu enze na odwala, angasuke liti?"

Ankayesa kuti bafalo linada chifukwa ndinatanganidwa ndi matenda. Kenako ndinamva fosholo ikukanda chitsulo. Ndinamva akuitana kuti abweretse madzi otentha ndi phulusa. Nkhuku za aneba zinasonkhana, zikulira mmene zimalirira zikaona chakudya. Ndinayesa kudzuka, koma alamu anandikanikiza paphewa, ndipo ine ndinalira mokweza kuposa masiku onse aja. Azimayi a m'chipindamo anandithandiza kulira. Wina anati, "Lelo ndiye chamubaba," kunena kuti chandiwawa, ndipo sanalakwitse.

Anthu ambiri amadandaula zoipa zimene anachitiridwa pamaliro. Ine njinga inapita, wailesi inapita, koma nyumba inatsala, ndipo ndi alamu aja anaimenyera nkhondo. Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chimene anandichitira anthu ondikonda, ndi manja awo, pofuna kundibisira manyazi. Palibe woti ndimukwiyire. Nyongolotsizo zinali zamoyo zokhazo zimene amuna anga anandisiyira kuti ndizisamale, kupatula ana, ndipo zinafa ine ndikumva, khoma lokha litatilekanitsa.

Titabwera kumanda, alamu ananditengera kuseri kukasamba monga mwa mwambo. Bafa linali mbee, bowo lake atatseka ndi chiguduli, madzi ali thothotho. Dothi lakuda analiunjika pafupi ndi dzala, litauma kale pamwamba, nkhuku zitalipalasa mbali zonse. Amayi aja anaima pambali, manja atatuwa ndi phulusa, akundiyang'ana mwachikondi.

Mmodzi anati, "Bamake bana, osadandaula. Tasuka bwino, kulibe mulendo aona."

Alamu anandigwira pachigongono kundikumbutsa ulemu. Ndinagwada pansi, ndinawomba m'manja, n'kuwathokoza mmodzimmodzi. Kenako alamuwo anatunga madzi m'bafamo n'kuyamba kundisambitsa.