Njanji Siinafike ku Mphamba

Ndinaganiza zochoka chaka chimene matalala anawononga fodya wathu ku Mphamba. Mkazi wanga, NyaZimba, anali woyembekezera mwana wathu wachiwiri. Ndinamuuza kuti ndikupita ku Kabwe kukafuna ntchito ya njanji, ndipo ndidzabwera mvula ikadzayamba. Anangondikazingira nsawa zapaulendo.

Mvula inagwa n'kutha, inagwanso, ine ndidakali pa njanji. Ntchito yathu inali kuchotsa mitanda yowola pansi pa zitsulo n'kuikapo yatsopano, dzuwa likutentha, kapitawo akukalipa. Tinkagona m'mahema kutchire. Malipiro akachedwa ndinkachita manyazi ngakhale kutumiza moni. Akabwera ndinkapatsira dalaivala wa basi ya ku Lundazi, ndi uthenga umodzimodzi: muwauze ndili bwino. Lamlungu ndilo linkapweteka, popanda ngakhale mmodzi wondilonjera m'Chitumbuka. Kumudzi ndinkafika mwa apo ndi apo, ngati mlendo.

Atatichotsa ntchito ndinabwerera ndi msana wopindika ndi khutu limodzi logontha. Kuno ambiri sitima amangoimva. Ndikayamba kusimba, anthu amadikira mwaulemu kuti ndimalize, kenako n'kubwerera ku nkhani ya feteleza. Ndinaleka.

Mwezi watha kunabwera mayi wina wa ku Lusaka, a Mwale, amene akuyendayenda kujambula mawu a ife akale a njanji tisanathe. Anaika foni pampando n'kunena, "Adada, yankhulani momwe mungafunire." Ndinayankhula mpaka kukhosi kuuma: za mlatho umene tinakonza madzi akulekeza m'chiuno, za mnzanga Tembo amene ngolo inamudula mwendo. NyaZimba anali potero, akutongola chimanga.

A Mwale anatembenukira kwa iye. "Nanga inu amama, mukukumbukapo chiyani za njanji?"

Ndinaseka. "Awa sitima sanaikwerepo."

"Sindinaikwere," anatero NyaZimba, osatukula mutu. "Koma inandidutsa pamsana."

Ndiye anayamba. Anasimba za Suzgo, mwana wathu wachiwiri uja, amene ine ndinangolandira uthenga wa maliro ake atamuika kale. Anati anamubereka kumbuyo kuchokera kuchipatala atazizira, akuyankha moni wa anthu panjira kuti asadziwe, poopa kuti akalira miyendo imufooka asanafike. Anasimba mmene azibale anga anafunira kumulanda munda, iye n'kukakhala pakati pa mizere tsiku lonse mpaka anachoka. Anatchula akazi anzake amene amuna awo anapita ku migodi osabwereranso.

Zonsezi ndinali ndisanazimvepo. Sanandibisire ayi. Palibe amene anamufunsapo, ngakhale ine.

A Mwale atanyamuka m'pamene ndinazindikira kulakwa kwanga. Ine ndinkayesa kuti mudzi unangokhala phee kundidikira, pamene nkhani zonse zikuchitikira kumene ndinali ine.

"NyaZimba," ndinatero, "nkhani ya munda ija sunaitsirize."

Anakankhira lichero kwa ine. "Tongolani. Bwerani mbali ino, kuli khutu lakumva."