Mkamwini wa mu seva yathu

Lachiwiri lapitali wailesi yathu yaing'ono kuno ku Chipata inakhala duu kwa maola atatu. Wolakwa ndi ine, koma mpaka lero sindikumvetsa bwino chimene ndinalakwa.

Ife tili ndi kompyuta imodzi yotchedwa seva, imene imatenga mawu mu situdiyo n'kuwatumiza kuphiri komwe kuli mlongoti wathu. Amaisamala ndi a NaPhiri, katswiri wathu, koma Lolemba anali ku Lusaka. Pakhoma anasiya pepala la malamulo olemba pa sevayo. Ine ndi kudziwadziwa kwanga ndinaonapo lamulo lokonzanso mapulogalamu kuti akhale atsopano, ndipo ndinalilemba. Chatsopano chingaipe bwanji?

M'mawa mwake magetsi anathima, n'kuyakanso. Seva inadzuka, koma mawu osapita kuphiri.

Nthawi yomweyo anafika a Zulu, bambo wachikulire wa ku Kasenengwa, fumbi la njinga yamoto lili m'nsidze. Mlongo wawo anali atamwalira usiku wathawo, maliro mawa lake. Abale awo a ku Mwami ndi a m'midzi yopanda netiweki amadalira zolengeza zathu za masana.

"Mwana wanga, zidzamveka pa thwelofu awazi?" anafunsa.

"Zidzamveka, atate," ndinatero.

Seva yathu imayendera pulogalamu yaikulu yotchedwa Ubuntu, ndipo m'kati mwa Ubuntu muli kapitawo wake, nayenso ndi pulogalamu, woika ndi kuchotsa mapulogalamu ena. Ndinamufunsa za pulogalamu yotumiza mawu ija. Iye akuti pano palibe chinthu chotero. Palibe? Nanga chaka chonsechi takhala tikuulutsa ndi chiyani, mfiti? Ndinamuuza kuti aiike. Anaiika bwinobwino. Wailesi duu.

Pofufuza ndinagwera m'chikwatu china cha m'sevamo chodzaza mafayilo a mayina ataliatali, zilembo ndi manambala osokonekera ngati nkhuku yayenda pa kiyibodi. Pulogalamu yathu inalimo katatu konse! Ndinati eya, kachilombo koononga makompyuta ndi aka. Chala chili pafupi kufufuta, mantha anandigwira, ndinaimbira a NaPhiri. Anali m'basi, akuyandikira mlatho wa Luangwa, foni ikudukaduka.

"Musafufute! Mwamva? Ameneyo ndi Nix, ndinamuika ndine."

"Nix ndaninso, mayi? Ubuntu akuti samudziwa."

"Sangamudziwe. Ndi mkamwini. Amakhala pamudzi wa eni, koma ali ndi nkhokwe yakeyake. Manje inu mwapita kukafunsa apongozi kuti mkamwini wadya chiyani?"

Foni inaduka. Ndinatsala nditagwira mutu.

Awerengi, inu mukudziwa mmene mkamwini ndi apongozi ake aakazi amakhalira kwathu kuno. Bwalo limodzi, chitsime chimodzi, koma akakumana panjira wina amapatukira m'tchire. Si chidani ayi, ndi ulemu. Kodi ndani anandiuza kuti mwambo umenewu unalowanso m'makompyuta? Ine ndimayesa makina ndi a azungu, alibe chipongozi.

A NaPhiri ataimbanso anafotokoza mothamanga. Akuti mapulogalamu a Ubuntu wathu ndi akalekale, ndiye anabweretsa Nix kuti aziika atsopano osakhudza katundu wa eni nyumba. Akuti Nix sakonza chinthu pamalo pomwe chili. Amamanga china pambali, chakale n'kuchisiya chilili. Zitatu zimene ndinaona zija akuti ndi mibadwo ya pulogalamu yomweyo. Lamulo langa la Lolemba linabala m'badwo watsopano umene unayamba ntchito magetsi atayakanso, koma sunagwirizane ndi mmene a NaPhiri anakonzera sevayo.

"Bwererani ku m'badwo wa dzana. Lamulo lake lili pansi pa pepala lomwelo, mzere womaliza."

Linalipodi. Ndinali nditaliona Lolemba, koma pambali pake panalibe mawu ofotokoza ntchito yake.

Apa ndi pamene pakundipweteka. Timakonda kuseka mlendo kuti sadziwa kudya kwa pano, koma ndi kangati eni mudzife timalandira mlendo osauza a m'nyumba? M'maofesi athu, m'matchalitchi, m'makalabu a alimi, nzeru zonse zimakhala m'mutu mwa munthu mmodzi. Makiyi ali ndi uje. Pasiwedi ali nayo uje. Ujeyo akakwera basi, tonse timasanduka ana amasiye. Komanso tilipo enafe, a manja oyabwa, amene tikaona chinthu chosachimvetsa timathamangira kuchitcha zinyalala. Akulu anati safunsa anadya phula. Ine ndinafunsa, koma ndinafunsa apongozi.

Ndiye wolakwa ndani? A NaPhiri osalemba zonse, kapena ine wokhudza za eni? Ndikaganiza mutu umazungulira.

Ndinalemba lamulo lija, n'kuyambitsanso pulogalamu. Patangotsala mphindi zisanu ndi zitatu kuti ikwane thwelofu, kawailesi ka pa zenera kanatsokomola, nyimbo n'kuyamba. Muulutsi wathu anawerenga dzina la malemu kawiri, mudzi wake, ndi nthawi yoika maliro. A Zulu anamvetsera ataimirira, chipewa chili m'manja.

Potuluka anaima pakhomo la kachipinda ka seva. Kani nkhani yonse ya pafoni ija ankaimva.

"Ndamva mukuti makinawa mwawabweza ku dzana?"

"Inde, atate. Amasunga masiku akale, ukalakwitsa umabwerera."

Anayang'ana bokosi la sevalo nthawi yaitali, timagetsi take tikuphethira.

"Dzana mlongo wanga anali kusenda nsawawa pakhonde," anatero. Anavala chipewa n'kupita kukakwera njinga.

Ndinatenga bolopeni, n'kupita pa pepala la pakhoma lija, ndipo pambali pa mzere womaliza ndinalemba m'Chinyanja ntchito yake. Inu, pepala la kuntchito kwanu likuwerengeka kwa amene adzatsale?