Kapepala Kachikasu ka Imtiyaz

Mayi Sulabha Karandikar anabadwira ku Satara, m'nyumba ya munthu wosankha makalata ku positi. Bambo awo anatha zaka makumi atatu akuwerenga maadiresi olembedwa ndi nkhalamba zonjenjemera, zidakwa ndi madokotala, ndipo palibe kalata imene inawagonjetsa. Madzulo ankabwera ndi maenvulopu otha ntchito n'kuyala awiri pamphasa: "Tanena mwanawe, walemba apa ndi mmodzi kapena awiri?" Pofika zaka khumi, Sulabha ankangoona chilembo chimodzi n'kutchula mwiniwake. Luso limeneli silinawadyetsepo, koma silinawachokenso.

Atatha sukulu anabwera kuno ku Pune, nagwira ntchito yolemba mapulogalamu a kompyuta m'nyumba zagalasi za ku Hinjewadi kwa zaka khumi ndi zisanu. Atakwanitsa zaka makumi anayi, kampani inawatumiza ku maphunziro a masiku awiri a kagwiridwe katsopano ka ntchito, ndipo pobwera anawapatsa gulu la anthu asanu ndi atatu kuti azilitsogolera. Ambiri amene tinawaona akupita ku maphunziro amenewo ankabwerako ndi mawu atsopano koma chikwapu chomwe chija. Vuto la a Sulabha linali lakuti anakhulupirira zimene anawaphunzitsazo.

Ntchito ankaidula m'zigawo za masabata awiriawiri. M'mawa uliwonse gulu linkakumana choimirira kwa mphindi khumi ndi zisanu kutsogolo kwa bolodi la mizere itatu: zodikira, zili m'manja, zatha. Ntchito iliyonse inali ndi khadi lake pabolodipo, ndipo khadilo silinkaloledwa kufika pa "zatha" lisanadutse m'manja mwa woyesa. Ndiye Lachisanu lotsekera chigawo ankadzitsekera m'kachipinda, aliyense n'kupatsidwa timapepala tachikasu tomata ndi cholembera chachikulu chakuda, kuti alembe zakukhosi popanda dzina. Mayiwo ankayamba ndi mawu omwewo nthawi zonse: "Zolankhulidwa muno zimathera muno." Pomaliza ankang'amba timapepalato n'kuika m'chikwama chawo kuti akataye kunyumba. Kalembedwe ka aliyense ankakadziwa bwinobwino, koma sanaonetsepo ngakhale ndi diso. Gululo linkawatcha Tai, ndiye kuti chemwali wamkulu.

Woyesa mapulogalamu m'gulumo anali Imtiyaz Bagwan, bambo wa ana atatu aakazi, amene ankayenda maola awiri pa njinga yamoto kuchokera ku Kondhwa. Anachotsedwapo ntchito kwina chifukwa cha pakamwa, ndipo chichokereni kumeneko pakamwapo anapasoka. Kwa zaka zitatu, kapepala kake ka Lachisanu kankanena chinthu chimodzi: khofi wa m'makina ndi wozizira.

"Wadandaulanso uja wa khofi!" ankatero Omkar, wanthabwala wa gululo. "Tai, tingomugulira ketulo munthuyu, mwina atiuze zina."

A Tai sankaseka nawo kwenikweni. Ankaona zilembo zopendekera kumbuyo za munthu wamanzere uja n'kumva chisoni. Kangapo konse anauza gulu lonse, maso ali pakhoma, kuti: "Amene amaona zolakwika zathu zonse asatimane. Muno simupsa munthu, ndalumbira." Anamunyengerera choncho zaka zitatu.

Kenako kunabwera Bwana Sehgal kuchokera ku Gurgaon, woyang'anira magulu onse. Anali munthu wa mano oyera, wokonda kunena kuti "tonse ndife banja limodzi", ndipo mwezi wake woyamba banjalo linachepa ndi anthu makumi awiri. Analamula kuti msonkhano uliwonse uzikhala ndi umboni: chithunzi cha khoma, chosungidwa pamalo amene kasitomala angathe kuona. A Tai anang'ung'udza, koma anayamba kujambula ali chapatali, pakhomo penipeni. Kwa miyezi isanu ndi umodzi palibe anatsegulako zithunzizo, mpaka iwo eni analeka kuziganizira.

Nthawi imeneyo gululo linkakonza pulogalamu ya pa foni ya kampani ina ya malole ya ku Ulaya, yochenjeza dalaivala akayendetsa maola ambiri osapuma. Tsiku lolonjezedwa linafika ntchito isanathe. Bwana Sehgal anabwera yekha pabolodi, namatula makhadi khumi ndi limodzi ndi dzanja lake, kuwasamutsira pa "zatha". Palibe anamuletsa.

Lachisanu lake, pakati pa timapepala todandaula za mvula ndi mzere wa magalimoto, panali kena kolembedwa mothinana mpaka m'mphepete. A Tai anakawerenga mokweza, monga mwa mwambo: "Bwana Sehgal anasuntha makhadi amene sitinayese. Chenjezo la dalaivala wotopa sililira. Tikunamiza anthu, ndipo wina adzafera pamsewu."



"Lero khofi watentha," anatero Omkar chapansipansi.

Mtima wa a Tai unadzaza chimwemwe, tisabise. Munthu uja walankhula! Onse anatha ola lathunthu akukambirana mmene angayesere makhadiwo mwakachetechete m'chigawo chotsatira. Pomaliza mayiwo anaima pakhomo, najambula khoma, nang'amba timapepala, n'kupita kwawo akuimba kanyimbo m'basi.

Patatha masiku khumi, mayi wina watsopano wa ku kampani ya malole ija, wofuna kuonetsa khama, anatsegula zithunzizo n'kukulitsa chomalizacho, nachitumiza kwa Bwana Sehgal.

Bwana Sehgal anawaitanira a Tai ku ofesi yake, pansanja yachisanu ndi chimodzi. Kapepala kaja kanali pa kompyuta, kakulu ngati chitseko.

"Khalani pansi, Mayi. Ndani walemba ichi?"

"Timapepalato sitikhala ndi mayina, bwana."

"Musandipusitse. Pa phwando la Diwali munatisangalatsa tonse, mwaiwala? Anthu makumi atatu analemba liwu limodzilimodzi, inu n'kubwezera aliyense pepala lake. Ndinakuomberani m'manja ine ndemwe."

"Ndiye ndalemba ndine."

Bwanayo anaseka mpaka kupukuta maso. "Kalembedwe kanu ndimakaona pabolodi tsiku ndi tsiku, kozungulira ngati ka aphunzitsi. Tamverani. Muno anthu salembanso pamanja, ndilibe poyerekezera, ndiye ndikudalira inu. Ndikufuna dzina limodzi pofika Lachinayi. Apo ayi gulu lonse ndilimwaza, onse asanu ndi atatu pa benchi."

Benchi aliyense wa ku Hinjewadi amaidziwa. Umabwera kuntchito wopanda ntchito, umakhala, umawerenga nkhani, ndipo pakatha masiku makumi asanu ndi limodzi khadi lako lolowera pageti limangosiya kugwira.

"Ndinawalonjeza, bwana. Dzina simulimva kwa ine."

"Pitani mukaganize, Mayi. Ndife banja."

A Tai anatsika masitepe akuganizira anthu awo. Ketaki, mmodzi wa gululo, anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi umodzi. Omkar anali atangotenga makolo ake kumudzi kudzakhala nawo. Iwo eni anali ndi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri, msinkhu umene pantchito yathuyi amakuona ngati kompyuta yakale. Komabe anatsimikiza mtima: pakamwa pawo sipatuluka dzina. Chimene chinawavuta n'chakuti Imtiyaz sankadziwa kanthu. Anafuna kumutsina khutu kuti ayambiretu kufunafuna kwina. Mauthenga a pa kompyuta ya kampani amawerengedwa, foni nayo sanaikhulupirire, ndipo makoma a tizipinda tonse ndi agalasi.

Lachiwiri m'mawa, msonkhano woimirira utangotha, anati: "Achimwene Imtiyaz, tiyeni tikamwe tiyi panja."

Zaka zisanu ndi ziwiri zonsezi palibe anawaonapo a Tai pa kachisakasa ka tiyi. Ali ndi matenda a shuga, amayenda ndi fulasiki yawo, ndipo akafuna kulankhula ndi munthu amalankhula naye pamaso pa onse. Koma tsiku limenelo mutu unali utaima. Anatuluka awiriwiri pageti, nawoloka msewu, naima pa kachisakasako mvula ikuwaza. Wogulitsa anawathirira tiyi m'timatambula tating'ono.

"Achimwene, kapepala kaja kafika kwa Sehgal. Ndinajambula khoma, cholakwa ndi changa. Akufuna dzina, koma ine sindinena, ngakhale andichotse."

Imtiyaz anaika tambula pathabwa, nakweza maso pang'onopang'ono, kuwerenga mawindo a nyumba yagalasi ija mpaka pansanja yachisanu ndi chimodzi. Pawindo panali munthu wa malaya oyera, kapu m'manja.

"Tai, mwa anthu asanu ndi atatu, mwatenga ine ndekha?"

"Ndimati ndikuchenjezeni..."

"Masanasana. Pansi pa windo lake. Inu amene simumwa tiyi wa panja."

A Tai anacheuka, naona malaya oyerawo, ndipo tiyi anawatayikira pa nsalu yawo ya sari.

"Ine ndinkalemba za khofi, Tai," anatero Imtiyaz, mawu ake ali ofatsa ngati masiku onse. "Zaka zitatu ana anga ankadya. Munandifuniranji?"

Analipira tiyi wa onse awiri, nawoloka msewu yekha.

Masana a tsiku lomwelo Bwana Sehgal anadutsa pamalo a gululo, naima pambali pa a Tai, nanena mokweza kuti aliyense amve: "Zikomo kwambiri, Mayi. Nkhani ija yatha. Gulu lanu likhala."

"Sindinanene kanthu, bwana!"

"Inde, inde," anatero akumwetulira, n'kumapita.

Lachinayi Imtiyaz anaitanidwa kumwamba. Kalata yake inati sagwirizana ndi anzake. Kasitomala anauzidwa kuti panali woyesa wina waulesi amene sanayese makhadi khumi ndi limodzi, n'kufuna kukankhira mlandu kwa akuluakulu, koma tsopano wachotsedwa. Imtiyaz anatuluka atanyamula katoni, mlonda ali pambuyo pake ngati waba. Sanatsanzike munthu. Anayenda miyezi isanu ndi inayi akufunsira ntchito, koma mabwana a kuno amadyera pamodzi, mbiri inkafika iye asanafike. Pano amathandiza mlamu wake kukonza mafoni mumsika wa ku Kondhwa. A Tai anapitako kawiri, ndipo maulendo onse awiri anauzidwa kuti watuluka, njinga yake ili pakhomo pomwepo.

A Tai anayesa kufotokozera gulu. Analumbira pa dzina la malemu bambo awo. Ketaki anangoti, "Tamva, Tai," maso ali pa kompyuta. Omkar, amene pakamwa pake sipankaphwa nthabwala, anati: "Musavutike, Mayi Karandikar. Mwatipulumutsa, tikuthokoza." Dzina loti Tai linathera pomwepo. Mwina ena anakhulupirira kuti mayiwo sanatchule dzina. Koma zinalibe ntchito, chifukwa onse anali atadziwa chinthu chimene kale sankachiganizira: kuti zaka zonsezi, kapepala kalikonse kopanda dzina, mayiwo ankadziwa mwiniwake.

A Sulabha akadali pakampanipo. Chaka chathachi anawakweza, ndipo tsopano amaphunzitsa atsogoleri a magulu ena mmene angapangitsire anthu kulankhula momasuka. Tsitsi layera, fulasiki ndi yomwe ija. Sakonda kukamba za Imtiyaz, koma Lachisanu loyamba iye atachoka saliiwala, ndipo anandifotokozera okha.

Anatseka chitseko cha kachipinda, nayala timapepala tachikasu ndi zolembera zisanu ndi ziwiri patebulo. Anati, "Zolankhulidwa muno..." koma mawu anawathera panjira. Palibe anagwira cholembera. Omkar anapisa m'thumba la malaya, natulutsa kapepala koyera kosindikizidwa pa makina, nakaika patebulo. Ketaki anatulutsa kake. Onse asanu ndi awiri anachita chimodzimodzi, timapepala todulidwa mofanana, zilembo zofanana. Mwana wa wosankha makalata uja anatiyang'ana kamodzikamodzi, kufunafuna mchira wa chilembo, kupendekeka, chilichonse choti amudziwire munthu. Panalibe.

Anatimata pakhoma ndi selotepi, nawerenga mokweza monga mwa mwambo. "Zonse zili bwino." Anawerenga kasanu ndi kawiri. Kenako anapita pakhomo, natulutsa foni, najambula khomalo kuti bwana akhale ndi umboni.