Chala Changa pa Timasipika ta Fabiyano

Senderani kuno, inu, nkhani iyi ikundisowetsa mtendere.

Chaka chimene tinavotera zipani zambiri, mwana wanga Fabiyano ankadandaula kuti masipika a wailesi yake akungogunda ngati mtondo, mawu a amayi a kwaya osamveka. Mlamu wake Lazaro anamubweretsera timasipika tiwiri kuchokera ku Chipata, totulutsa mawu oonda aja. Anasiya timasipikato pamphasa, onse n'kupita kukabwereka zomangira.

Pakati pa kalikonse panali kanthu kotupa konyezimira. Ndinatuluka, ndinabwerera, chala chikungoyabwa. Ndinakadina monga timayesera papaya, basi kanalowa m'kati! Ndinakayamwa ndi pakamwa, ndinakatokosa ndi minga, osatuluka. Ndiye onani nzeru za nkhalamba: ndinadinanso kanzake kuti timasipikato tifanane.

Atamangirira, nyimbo inkalira ngati udzudzu m'chitini.

"Alamu, mwanditolera kudzala zimenezi?" anakalipa Fabiyano.

"Ine ndabwera nato tabwinobwino!" anatero Lazaro, n'kutembenukira kwa ine. "Amayi, simunaone munthu pano?"

Ine maso pa mtedza umene ndinkaswa. "Maso anga ndi okalamba, atate."

Lazaro anakwera njinga osatsazika.

Fabiyano anagulitsa timasipikato kwa wina wa ku Mavwere, ndipo mpaka lero amati alamu ake ndi tambwali. Awiriwa amangopatsana moni pamaliro. Koma Lazaro akandipeza amagwada, n'kundipatsa shuga, amvekere pakhomo pano munthu woona mtima ndine ndekha. Shugayo ndimalandira.