Sipinachi wa DJ

Sekani, ana inu, mano ndi anu. Ine ndi imvi zangazi ndinkakhulupirira kuti munthu aliyense wochokera kumudzi, kaya atchuke bwanji, amakhala pansi n'kupereka malonje: mvula yagwa bwanji, watisiya ndani, msewu wa ku Chintheche anaukonza kapena ayi. Nditamva kuti mnyamata wina wa pa TV ya kwathu akudzaika nyimbo m'kalabu ku Long Street, m'tauni ya kuno kuchilendo, ndinachapa jekete.

Linali Loweruka, usiku wokhawo umene akazi anga, a NyaBanda, amagona kwathu ku Philippi. Masiku enawo amakhala kwa madamu ku Table View, kumene amagwira ntchito ya m'nyumba. Anandipeza ndikumanga sipinachi wa kufamu kumene ndimalima.

"Ameneyo ngwa ndani?"

"Wa mlendo. Ndikamuone chimanjamanja?"

Anavula nsapato zawo pang'onopang'ono.

Dzuwa likulowa ndinakwera takisi ya m'tauni, marandi 25. Mayi wina wachixhosa anayang'ana jekete, nayang'ana masamba, n'kundifunsa ngati ndikukafunsira mbeta. Takisi yonse inafa nacho chiseko. Ine ndinangoyang'ana pawindo, phiri lalikulu la m'tauni likuda.

Pa renki ya matakisi ndinagula magwinya awiri, mandasi a kuno, n'kumadya ndikuyenda, mphepo ikundikankha ngati ndaiba.

Pakhomo pa kalabu panali chimphona cholondera, chobadwira kunja ku Mbare, koma agogo ake a ku Dedza.

"Mudhara, mwasochera? Tchalitchi ndi mawa."

"Ndabwera kudzaona mwana wakwathu."

"Marandi 150. Koma muriwo wanuwo usale pano."

Mkatimo munali utsi ndi ana oti n'kukhala adzukulu anga. Ndinakhala pakona ndi Fanta mmodzi. Analemba kuti mlendo afika teni koloko. Teni inadutsa, Fanta anatentha, mwendo unachita dzanzi. Wondipatsa moni panalibe, kupatula mtsikana wina amene anandipempha kuti ndimusungire chikwama.

Pakati pa usiku patadutsa, uyo! Magalasi akuda, mumdima. Anabaya kafulashi m'makina, n'kukuwa m'Chingerezi kuti tikweze manja. Nyimbo zake? Zomwezija zimatigonthetsa m'takisi tsiku ndi tsiku. Ya kwathu ngakhale imodzi. Ndinadzikankha mpaka kutsogolo.

"Aphwanga! Kumudzi kuli bwanji?"

Anandiloza ndi zala ziwiri, maso ali pafoni. Nyimbo zinayi, zisanu mwina, anthu ake anamutulutsira kuseri. Basi. Amene anatsala akuika nyimbo ndi mnyamata wa pamalopo yemwe anayamba madzulo, ndipo ankaposa.

Panja takisi zinali zitatha. Chimphona chija chinandikweza m'galimoto yotenga antchito, pakati pa atsikana otsuka matambula amene ankagona chokhala. Ndinaganiza mumsewu wonsewo kuti kumudzi sikukwera ndege. Amakwera ndi anthu ake okha, ndipo ena amafika atakuiwala.

Kunyumba ndinapeza nyali ikuyaka, mbale ziwiri zovundikira patebulo, zonse zosakhudzidwa. A NyaBanda anali chogona, atayang'ana kukhoma. Ndinalowa m'bulangete mwakachetechete ngati mphaka wakuba.

"Ndinali ndi nkhani zambiri zoti ndikuuzeni," anatero osatembenuka. "Zidikira Loweruka linalo. Sunthirani kuno, mapazi anu akuzizira."