Dzanja pa Chithunzi cha Nambala 17

Pa sitolo ina yogulitsa nsapato panali bambo amene aliyense ankawatcha a Khodi. Dzinali linachokera ku ntchito yawo, pakuti ndiwo ankalemba khodi, malangizo ouza kompyuta zochita, kuti tsamba la sitoloyo pa intaneti liziyenda bwino. Sukulu ya zimenezi sanapiteko. Anayamba ndi kukonza mafoni pansi pa masitepe a nyumba ina ya zamalonda, ndipo khodi anaiphunzira okha, kulakwitsa n'kubwereza. Pa sitolopo ankakhala m'kachipinda ka kuseri, pakati pa makatoni, momwe fungo la chikopa silinkatha.

Chimene ankanyadira kwambiri chinali nsapato zozungulira. Munthu akatsegula tsambalo, nsapato inkatembenuka yokha, kuonetsa kutsogolo, m'mbali ndi kuchidendene. Panalibe matsenga. Nsapato iliyonse ankaijambula zithunzi 24, ndipo khodi yawo inkazionetsa motsatizana mwaliwiro, diso n'kumaona ngati ikuzungulira.

Pojambula pankafunika anthu awiri. A Khodi anakhoma thabwa pa gudumu la njinga yakale, m'mphepete mwake n'kulembamo mizere 24 ndi choko. Loweruka lililonse masana akazi awo ankakhala pa kampando, kusuntha thabwa mzere umodzi, kuchotsa dzanja, iwo n'kujambula.

"Sunthani. Chotsani dzanja. Sunthani," ankatero a Khodi, diso lili pa kamera.

"Anzanu amagula makina," akaziwo ankawayankha, "koma inu munachita kukwatira makina."

"Makina olongolola chonchi akanakhala a m'sitolo, ndikanakawabweza kalekale."

Akaziwo anamwalira atadwala milungu itatu yokha. A Khodi anakoleka gudumu lija pa msomali. Nsapato zatsopano zinkangojambulidwa chithunzi chimodzi chosayenda, ndipo eni sitolo, mayi wachikulire amene anawalemba ntchito, sanawadzudzule.

Patapita miyezi isanu eni sitolowo analowa m'kachipinda muja.

"Achimwene, anthu atopetsa ndi mafoni, kufunsa kuti nsapato iyi ikusiyana bwanji ndi iyo. Kodi sizingatheke kuti aziziona ziwiri pamodzi?"

A Khodi anaigwira ntchitoyo masiku anayi. Anakonza malo oyerekezera: nsapato ziwiri moyandikana, m'munsi mwake kulemera kwa iliyonse, mtundu wa chikopa ndi kutalika kwa chidendene. Kuti wogula aziona bwino zonse ziwiri, anachepetsa liwiro lozungulira, n'kuwonjezera kuti munthu akakhudza ndi chala, nsapato iziima.

Poyesa ntchito yawo anasankha nsapato ina yakuda ya zingwe. Itazungulira kupyola theka, chinthu china chinaoneka m'mphepete mwa thabwa. Anaimitsa. Chinali chithunzi cha nambala 17, ndipo pamenepo panali dzanja, zala zinayi, chala cholozera chili ndi chipsera cha ayironi. Anakumbukira tsikulo. Akaziwo ankaseka nthabwala yawo yomwe, n'kuchedwa kuchotsa dzanja. Kwa zaka ziwiri dzanjalo linkadutsa mwaliwiro, popanda woliona.

Sanauze munthu. M'mawa uliwonse, asanayambe ntchito, ankatsegula nsapato yakuda ija n'kuiyang'ana ikuzungulira. Dzanja linkabwera, kukankha thabwa, n'kuchoka.

Tsiku lina eni sitolo anabwera ndi foni m'manja, akuseka.

"Taonani zomwe walemba wogula wina. Akuti kodi dzanjali tikugulitsa limodzi ndi nsapato, kapena lili ndi mtengo wake? Anthu ena asanu aikapo nkhope zoseka."

Eni sitolo anaweramira pa kompyuta kuti aone okha. Ataona chipsera chija, kuseka kunatha.

"Ndi mayi aja?"

"Ndi iwowo."

Eni sitolo anakhala pa katoni. "Pepani, achimwene. Sindinadziwe. Bwanji muchisunge kunyumba chithunzichi?"

"Zithunzi zawo ndili nazo zambiri, mayi. Za paukwati, za pakhonde. Koma pa zonsezo angoima. Apa pokha ndi pomwe akundithandizabe ntchito."

"Ndiye chisiyeni pomwepo. Oseka aziseka, nsapato tigulitsabe."

A Khodi anawerenganso mawu a wogula uja. Akazi awo ankakonda nthabwala, koma nthabwala zoti nawonso ayankhe. Apa sakanayankha.

"Ayi, mayi. Asawaseke."

Kujambulanso kukanafuna kutsitsa gudumu pa msomali ndi kukhazika munthu wina pa kampando kaja. Zimenezo sanathe. Anatsegula khodi n'kuwonjezera mzere umodzi, wouza kompyuta kuti ikafika pa 16 izilumphira pa 18. Pamwamba pake analembapo mawu a mtundu umene kompyuta siwerenga, olembera munthu amene adzagwire ntchitoyi m'tsogolo: "Nsapato iyi imadumpha pang'ono. Si vuto. Musakonze."

Eni sitolo anayang'ana nsapato ikuzungulira kawiri, katatu.

"Palibe amene angazindikire," anatero motsitsa mawu, n'kutuluka.

Ananena zoona. Palibe wogula amene anadandaulapo. A Khodi akadali pa sitolopo, ndipo m'mawa uliwonse amatsegulabe nsapato yakuda ija. Imazungulira bwinobwino mpaka kupyola theka, kenako imanjenjemera pang'ono, ngati wina waikankha. Akaona pamenepo, amayamba ntchito.